Honi pamwamba, bokosi la bezi pansi: mafunso ndi mayankho kwa omanga masipika ku Mangochi

Mafunsowa amachokera kwa obwereketsa zida pa maukwati ndi zinkhoswe, a makwaya, a makomiti a m'mizikiti ndi m'matchalitchi, komanso makalipentala amene amangopatsidwa miyeso kuti akhome bokosi osauzidwa kumene miyesoyo yachokera. Zida zimene tikukamba pano ndi za zigawo ziwiri: honi pamwamba yotulutsa mawu apakati ndi okwera, ndipo pansi bokosi la bezi lokhala ndi poti, bowo lija lopumira.

Honi imamveka bwanji kutali chonchi pomwe ampu yake ndi yaing'ono?

Aliyense wa kuno amadziwa mmene azana ya m'bandakucha imawolokera mtsinje wa Shire. Mukapita kukaona ampu imene ikuyendetsa mahoni a pamzikitiwo, nthawi zambiri mupeza kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi.

Nkhani yagona pa mpweya. Pepala la sipika ndi lolemera, mpweya ndi wopepuka, choncho pepala likamakankha, mpweya umangothawira m'mbali osagwirika. Sipika wamba imasandutsa mawu pafupifupi gawo limodzi kapena awiri okha pa magawo 100 a magetsi amene yalandira, otsalawo amangotenthetsa koyilo, waya wokulungidwa amene amakankha pepalalo. Honi imapanikiza mpweya pakhosi pang'ono, kenaka n'kuutsegulira njira pang'onopang'ono mpaka kukamwa, ndiye draiva, kasipika komangidwa pakhosi pa honiyo, imakhala ndi chokankha chogwirika. Chachiwiri, honi imalozetsa mawu kumene kuli anthu m'malo mowamwaza kumwamba ndi kumbuyo.

M'manambala, wufa (sipika yaikulu ya bezi) yabwino ya mainchesi 15 imatulutsa pakati pa 96 ndi 99 dB (muyeso wa kukweza kwa mawu) pa watt imodzi ya magetsi mutaima mita imodzi. Draiva (compression driver) yomangidwa pa honi imafika 105 mpaka 110 dB pa watt yomweyo. Kusiyana kwa 10 dB ndiye kuti wufa ikufuna ampu yowirikiza kakhumi kuti ifanane ndi honi. Za m'bandakucha zija palinso china chothandiza: mpweya wa pamwamba pa madzi umakhala wozizira kuposa wa m'mwamba, ndipo zimenezi zimakhotetsera mawu pansi m'malo moti athawire kumitambo.

Ndiye bwanji osangopanga honi ya bezi nayonso?

N'zotheka, koma muyambe mwayeza chitseko cha nyumba yanu. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Funde la mawu a 1000 Hz, ndiye kuti onjenjemera ka 1000 pa sekondi, ndi lotalika masentimita 34 okha, pomwe la 50 Hz limafika pafupifupi mamita 7. Kuti honi igwire bwino, kuzungulira kwa kukamwa kwake kuyenera kuyandikira kutalika kwa funde lotsikitsitsa limene mukufuna. Pa 50 Hz ndiye kukamwa kotambasuka mamita awiri ndi pang'ono, ndi njira ya mkati yoposa mamita awiri. Mukaiika pansi, nthaka imathandiza ndipo kukamwa kumachepa ndi theka. Mukaikankhira pakona ya chipinda, makoma amakhala mbali ya honiyo. Paul Klipsch wa ku America anagwiritsa nzeru imeneyi pa Klipschorn yake m'zaka za m'ma 1940. Koma ukwati wa ku Namwera kapena ku Makanjira umachitikira pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, popanda kona yokankhirapo.

Mahoni a bezi opindidwa m'bokosi amene mumaona kwa ena amagwira ndithu, makamaka akasanjidwa anayi kapena kuposa, chifukwa makamwa awo amaphatikizana. Limodzi lokha limagunda pachifuwa cha pa 80 mpaka 100 Hz koma pansi penipeni limasowa. Kwa munthu wa mabokosi awiri ndi galimoto yochita kuhaya, honi pamwamba ndi poti pansi ndiye nzeru. Si zatsopano ayi. Masipika a Altec Lansing otchedwa Voice of the Theatre, amene anayamba kulowa m'nyumba za kanema m'zaka za m'ma 1940, anaphatikiza kale honi ndi bowo lopumira.

Poti imachita chiyani kwenikweni? Si bowo longotulutsira mpweya wotentha?

Ayi. Tengani botolo lopanda kanthu muuzire pakamwa pake, mumva kaliwu kamodzi. Thiranimo madzi pang'ono muuzirenso, kaliwu kaja kakwera. Mpweya wa m'khosi mwa botolo ukudumphadumpha pa mpweya wa m'mimba mwake, ndipo liwiro la kudumphako limadalira kukula kwa mimba, kukula kwa khosi ndi kutalika kwake. Izi anazifotokoza Hermann von Helmholtz wa ku Germany kalekale m'zaka za m'ma 1800. Bokosi la bezi ndi botolo lomwelo, poti ndiye khosi.

Pa liwu limene bokosi limalira lokha ngati botolo lija, pamene timati latchunidwa, tinene 45 Hz, poti ndi imene imatulutsa pafupifupi mawu onse ndipo pepala la wufa limangotsala pang'ono kuima. Phindu lake ndi pawiri: bezi amatsika ndi kulemera kuposa wa bokosi lotseka, komanso wufa imapuma pamalo pomwe ikanavutika kwambiri. Albert Thuras wa ku Bell Laboratories analembetsa nzeru imeneyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, koma kwa nthawi yaitali anthu ankangoboola mwa chiyerekezo. Masamu ake anawalongosola Neville Thiele wa ku Australia mu 1961, Richard Small n'kudzawonjezera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. N'chifukwa chake manambala olembedwa pa chikalata cha wufa amatchedwa a Thiele-Small.

Bokosi la mnzanga limagunda bwino kwambiri. Ndingangokopera miyeso yake?

Ngati wufa yanu ndi yofanana ndendende ndi yake, koperani. Ngati zangofanana mainchesi basi, mukungoyesa mwayi. Apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera: bokosi limakhomedwa kaye, wufa n'kudzafunidwa pambuyo, pomwe wufa ndiyo iyenera kulamula bokosi.

Manambala atatu ndiwo ofunika koyamba. Fs ndi pamene pepala limanjenjemera mosavuta lili panja pa bokosi, ndipo bokosi silingatsike bwino kutali kwambiri pansi pa nambala imeneyi. Vas imalembedwa m'malita, ndipo imakuuzani kufewa kwa pepala pa mipando yake: ikakula, bokosi nalo limafuna kukula. Qts imakuuzani mmene maginito akuligwirira pepala. Wufa ya Qts ya pakati pa 0.25 ndi 0.4 imakwana bwino m'bokosi la poti. Ikapitirira 0.5 imafuna bokosi lalikulu zedi, apo ayi imangoti "duu, duu" liwu limodzi, kaya woimba gitala ya bezi wasintha chingwe kapena ayi. Mawufa awiri a mainchesi 15 akhoza kufuna wina malita 90, wina malita 200.

Makampani ngati Eminence, B&C, RCF, Celestion ndi JBL amaika manambala amenewa pa intaneti. Alowetseni mu WinISD, pulogalamu yaulere ya pakompyuta, ndipo ikujambulirani mmene bezi adzamvekere musanadule thabwa ngakhale limodzi. Kwa okonda mahoni kuli Hornresp ya David McBean, nayonso yaulere, ngakhale imafuna kudekha.

Wufa yanga anabwera nayo achimwene kuchokera ku Joni, ilibe chikalata chilichonse cha manambala. Nditani?

Funani nambala pa maginito kapena pa chitsulo chake muifufuze. Koma chenjerani, stika ndi yosavuta kusindikiza, ndipo wufa imene inapsapo n'kukulungidwanso koyilo simakhalanso ndi manambala ake akale.

Fs mukhoza kuipeza nokha. Mufunika foni yokhala ndi pulogalamu yotulutsa liwu limodzilimodzi, ampu, multimeter ndi resistor ya 100 ohm. Lumikizani resistor pamzere umodzi ndi wufa, wufayo ili panja pa bokosi, ikani multimeter pa AC pamapini a wufa, ndipo muyende pang'onopang'ono kuchoka pa 20 Hz kukafika 100 Hz voliyumu ili pansi. Pamene nambala ya pa multimeter yakwera kwambiri, pamenepo ndiye Fs. Qts ndi Vas zimafuna ntchito yochulukirapo, ndipo pulogalamu ya REW imathandiza. Ngati zimenezo zakukanikani, mangani bokosi lapakatikati, malita 120 mpaka 150 pa wufa ya 15, muike poti yochotseka kuti muzisintha kutalika kwake, muyambe kutchuna pafupi ndi Fs.

Multimeter ikakuwerengerani 5.5 kapena 6 ohm pa wufa yolembedwa 8, musaibweze. Zimatero.

Kutalika kwa poti ndikuwerengera bwanji?

Samu yake ndi iyi, miyeso ili m'masentimita ndi malita:

L = 23562 × D × D × N ÷ (V × F × F) − 0.73 × D

L ndi kutalika kwa poti, D ndi kutambasuka kwa mkati mwa paipi, N ndi chiwerengero cha mapaipi, V ndi malita a mpweya wa m'bokosi, F ndi pamene mukufuna kutchuna.

Tiyese ndi bokosi la malita 150 lotchunidwa pa 45 Hz, pafupi ndi chingwe chotsikitsitsa cha gitala ya bezi ya zingwe zinayi chimene chimalira pa 41 Hz. Tigwiritsa paipi ya PVC ya 110 mm, ya m'mahadiweya ija, imene mkati mwake ndi pafupifupi masentimita 10. Yezani yanuyo, chifukwa zimasiyana makulidwe. Mapaipi awiri amatuluka masentimita 8 iliyonse. Atatu, masentimita 16. Anayi, masentimita 24. Kutalikako kukuphatikiza ndi thabwa la kutsogolo limene paipi yadutsamo.

Mwina mufunsa kuti bwanji kuvutika ndi anayi pomwe awiri akupereka 45 Hz yomweyo. Voliyumu ili pansi palibe kusiyana. Koma mukatsegula pa nthawi ya perekaniperekani, mpweya wodutsa m'mabowo ang'ono umathamanga kwambiri, umayamba kufwenthera, ndipo poti imasiya kugwira ntchito yake pa nthawi yomwe ikufunika kwambiri. Opanga ambiri amayesetsa kuti mpweyawo usapitirire mamita 17 mpaka 20 pa sekondi. Pepala la wufa ya 15 ndi pafupifupi masikweya sentimita 850, ndipo mapaipi anayi aja akupereka 314, kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu. Pa zida za pabwalo pamenepo ndiye pabwino. Zunguzani milomo ya poti ndi sandipepa mbali zonse ziwiri, ndipo kumbuyo kwa paipi kutalikirane ndi khoma la bokosi osachepera masentimita 10.

Kumbukirani kuti malita 150 ndi mpweya wotsala mutachotsa malo a maginito, mapaipi ndi mitanda. Mapaipi anayi okha akudya malita oposa 7. Bokosi la masentimita 75 × 50 × 44 mkati limapereka malita 165, ndipo mukachotsa zonsezo mutsala pafupi ndi 150. Poti ya thabwa yamakona anayi imagwiranso, koma ikatsamira khoma la bokosi imatchuna motsikirapo kuposa mmene samu yanenera.

Wina anafunsapo ngati kutentha kwa kuno mu October kumasokoneza. Mawu amathamangirapo ndithu kukatentha, koma 45 Hz imangosuntha kufika 46. Palibe khutu lingamve zimenezo.

Nditsimikiza bwanji kuti bokosi latchunika pamene ndimafuna?

Gonekani bokosi chagada, wufa ndi mapoti zikuyang'ana kumwamba. Mwazani timbewu tingapo ta mpunga papepala la wufa. Tsegulani pulogalamu ya pafoni ija pa 70 Hz, mukweze voliyumu mpaka mpunga uyambe kudumpha, kenaka muzitsika Hz imodziimodzi. Mufika pamalo pamene mpunga ukhala pafupifupi bata, pomwe dzanja mukaliika pa poti likumva mphepo yamphamvu. Mukatsikanso, mpunga uyambiranso kudumpha, tsopano mwaukali. Pamene unakhala bata paja ndi pamene bokosi latchunidwa.

Ngati latuluka pa 52 pomwe mumafuna 45, poti yafupika. Ngati latuluka pa 40, dulaniko pang'ono. N'chifukwa chake ndi bwino kudula mapaipi otalikirapo poyamba, osawamata guluu mpaka mutayeza. Ndi resistor ndi multimeter zija mupezanso yankho lomweli: nambala imakwera kawiri, ndipo chigwa cha pakati pa mapiri awiriwo ndiye malo ake.

Ngati bata silikupezeka penapaliponse, bokosi likudontha mpweya. Yatsani koyilo ya udzudzu, muyendetse utsi wake m'mphepete mwa zolumikiza, pa zogwirira ndi pa mbale ya mawaya uku 30 Hz ikulira. Podontha utsi ubalalika.

Pepala likuvina kwambiri koma bezi sakumveka. Chavuta n'chiyani?

Mukuilowetsa mawu otsika kuposa pamene bokosi latchunidwa. Pansi pa malo amenewo poti imasanduka bowo wamba: mpweya wotuluka m'menemo umafafaniza wa papepala, ndipo pepala limatsala lopanda chotsamira. Nyimbo za masiku ano, makamaka amapiano, zimakhala ndi mawu otsika kwambiri, ndipo DJ akakankha slider ya 31 Hz pa equalizer ndiye wamaliza wufa. Ikani high-pass filter, sefa yoletsa mawu otsikitsitsa, pang'ono pansi pa potchunira, monga 38 kapena 40 Hz pa bokosi la 45, yotsetsereka 24 dB. Ma crossover ambiri amagetsi, zida zogawa mawu pakati pa wufa ndi honi, ali nayo kale.

Chinanso ndi mawaya otembenuka. Bokosi limodzi likamakankha lina likukoka, bezi amathera pakati. Tengani batire ya tochi ya 1.5 V, mugunditse + ku + ya bokosi: pepala lituluke kunja. Yesani mabokosi onse. Pa draiva ya honi musayese zimenezi.

Ndigwiritse matabwa anji kuno kunyanja?

Plywood ya 18 mm. Shiti imodzi ya 2440 × 1220 mm imakwana bokosi la malita 165 lija, n'kutsalako za mitanda. Plywood ndi blockboard zimapangidwa konkuno ku Malawi, ku Raiply ku Chikangawa, ndipo zina zimachokera kunja. Posankha yang'anani m'mphepete mwa shiti: magawo akhale ambiri ndi ogwirana, opanda mapanga. Blockboard ndi yabwino pa mashelefu, koma timipata ta pakati pa timatabwa ta mkati mwake timatha kulira bezi akagunda. MDF ndi chipboard zimamveka bwino m'chipinda chouma, koma kuno, ndi chinyezi cha kunyanja komanso mvula ya January, zimafufuma m'makona ndipo masikuluu amazuka. Matabwa wamba a paini amapindika ndi kung'aluka nyengo zikamasintha, ndiye mpweya umayamba kudontha.

Chogwira bokosi ndi guluu wa matabwa, masikuluu amangopana podikira kuti guluu aume. Misomali yokha ayi. Ikani mtanda wolumikiza makoma a m'mbali, wina wochoka kutsogolo kukafika kumbuyo, ndi timizere ta thabwa pa khoma lililonse lalikulu. Gogodani ndi chibakera: polira ngati ng'oma pakufunika mtanda. Khoma likamanjenjemera ndiye kuti mphamvu ya ampu ikuthera kugwedeza thabwa. Wufa imangidwe ndi mabauti ndi ma T-nut, pansi pake pali kampira kotseka mpweya.

Pentani ndi mkati momwe, makamaka m'mphepete modulidwa. Kapeti imaoneka bwino tsiku loyamba, koma imasunga mchenga, fumbi ndi chinyezi. Penti yolimba ndi zitsulo za m'makona zimakhalitsa.

Mkati ndiikemo siponji?

Pang'ono. Masentimita 3 mpaka 5 a thonje la m'mapilo kapena siponji yopumira pa khoma la kumbuyo ndi m'mbali, kuti mawu apakati asamabwerere kudzera papepala. Musadzaze bokosi ndipo musatseke kumbuyo kwa poti. Ngati bokosi likungogwira pansi pa 120 Hz, ngakhale osaikamo palibe vuto lalikulu.

Honi ya thabwa ndingaipange ndekha?

Mungathe, koma musankhe yoyenera kuvutikira. Honi ya draiva ya inchi imodzi, yapulasitiki, imapezeka ku Limbe ndi ku Lilongwe pa mtengo wosafika pa masiku amene mungathere mukupala thabwa, ndipo pakhosi pake pamakhala posalala kale. Pa mawu okwera funde ndi lalifupi, pa 10,000 Hz ndi masentimita atatu ndi theka okha, choncho kachitunda kakang'ono pakhosi kamamveka. Yoyenera kumanga nokha ndi yaikulu ya mawu apakati, ya draiva ya mainchesi awiri kapena ya sipika ya mainchesi 8, 10 kapena 12, chifukwa yogula ndi yodula ndi yovuta kubweretsa.

Pa honi ya mtundu wa exponential, bowo limawirikiza kawiri pa mtunda wofanana nthawi zonse. Ya 400 Hz imawirikiza pa masentimita 4.7 aliwonse. Mwachitsanzo, kuyambira pakhosi pa inchi imodzi, pamene ndi masikweya sentimita 5, mupita 10, 20, 40, 80, 160, 320, mpaka 640 pa masentimita 33, ndipo pamenepo kukamwa kwakwana. Jambulani pa katoni kaye. Makoma okhota amapangidwa ndi plywood yopyapyala ya 3 kapena 4 mm, yopindidwa pa nthiti n'kumatidwa magawo atatu kapena anayi, ndipo kuseri kwake muthire chinachake cholemera kuti isalire yokha. Palinso honi ya mtundu wa tractrix, imene Paul Voigt wa ku England anaibweretsa m'zaka za m'ma 1920, yofutukuka msanga kukamwa.

Kwa woyamba, ya makoma owongoka ndiyo yosavuta: matabwa anayi, otseguka madigiri 90 m'mbali ndi 40 m'mwamba, kapena 60 m'mbali ngati mukufuna kuponya kutali m'bwalo lalitali. Imamwaza mawu mofanana kwa okhala pakati ndi a m'mbali, ngakhale imafuna kukwezerako mawu okwera pa equalizer. Posintha kuchoka pa bowo lozungulira la draiva kupita pa makona anayi, dzazani ndi body filler ya magalimoto mupale mpaka chala chisamve polumikiza. Pa sipika ya pepala, khosi likhale theka kapena gawo limodzi mwa atatu la pepalalo. Mukapanikiza kupitirira apo pepala limang'ambika.

Honi ya 400 Hz musaiyambitse pa 400. Iyambe cha pa 800.

Crossover ndidule pati?

Wufa ya 15 imayamba kuponya mawu ngati tochi ikafika cha pa 1000 Hz, a m'mbali osamva bwino. Draiva ya inchi imodzi nayo yambiri simafuna kutsika pansi pa 1500 kapena 2000 Hz. Pakati pamenepo pali mpata, ndipo ndi pomwe pali mawu a MC. Njira zake ndi ziwiri: draiva ya khosi la 1.4 kapena mainchesi awiri yodulidwa pa 800 mpaka 1200 Hz, kapena zigawo zitatu, bezi mpaka 120 kapena 150 Hz, sipika ya 10 kapena 12 pakati, twita (kasipika ka mawu okwera) pamwamba.

Crossover yamagetsi yokhala pakati pa mikisa ndi maampu ndiyo yabwino, chifukwa honi imakhala ndi ampu ndi voliyumu yakeyake. Ina imalolanso kuchedwetsa mbali imodzi: draiva ikakhala masentimita 34 kumbuyo kwa pepala la wufa, mawu ake amachedwa millisecond imodzi. Ngati mulibe, crossover ya m'bokosi ya draiva ya 8 ohm pa 2000 Hz imafuna capacitor ya 7 µF pamzere ndi koyilo ya 0.9 mH yopingasa. Capacitor ikhale yopanda + ndi −. Popeza honi imaposa wufa ndi 10 dB, itsitseni ndi resistor ya 5.6 ohm pamzere ndi ya 3.9 ohm yopingasa pa draiva, zonse za ma watt 20 kapena kuposa. Mukapanda kutero ndiye zija anthu amati masipika a honi amalasa m'makutu. Mukamaliza tembenuzani mawaya a honi mumvetsere mawu a munthu akulankhula, musiye mbali imene mawuwo adzaza.

Matwita anga amapsa pafupifupi pa ukwati uliwonse. Ndi abodza?

Ena ndi abodza ndithu, koma kawirikawiri wolakwa ndi ampu yokankhidwa mpaka getsi lofiira la clip kumangoyaka. Ampu ikafika polekezera imadula nsonga za funde, ndipo mphamvu yopita ku twita imachuluka kwambiri. Capacitor imodzi yokha siiteteza mokwanira draiva pa voliyumu ya pabwalo. Maikolofoni ikamalira "tswii" kwa masekondi angapo, diaphragm, kambale kopyapyala konjenjemera mkati mwa draiva, imathanso. Babu ya galimoto ya 12 V, 21 W yoikidwa pamzere ndi twita imathandiza: mphamvu ikachuluka babu imayaka n'kumwa yotsalayo.

Mahoni achitsulo a pamzikiti ndi pamisonkhano aja ndi a mawu olankhula basi, cha pakati pa 300 ndi 6000 Hz. Mukawalowetsa bezi sachedwa kufa. Ambiri alinso ndi transformer ya 100 V ndipo amafuna ampu yakeyake.

Ndikufuna ma watt angati? Nanga jenereta kapena sola?

Nambala ya ma watt yolembedwa PMPO iwaleni, ndi yokokomeza, yang'anani yolembedwa RMS kapena AES. Kuwirikiza ma watt kawiri kumangowonjezera 3 dB. Ndiye bokosi la 98 dB pa ma watt 200 likufanana ndi la 95 dB pa ma watt 400, koma loyambalo likumwa theka la magetsi. Kwa wogwira ntchito m'midzi imene zonse zimadalira jenereta kapena batire, nambala ya dB ndiyo yoyamba kufunsa pogula wufa. Koyilo ikatentha imayambanso kukana magetsi, moti wufa yokankhidwa usiku wonse imatsika ndi ma dB angapo, DJ n'kumangokwezabe.

Jenereta ikhale yoposa bwino zimene maampu akufuna, ndipo isagawane ndi firiji ya zakumwa. Volteji ikagwa pansi pa 230, ampu imafika pa clip msanga. Pa sola, maampu a class D ndiwo sadya batire. Mabokosi awiri a 8 ohm pa tchanelo imodzi ndi 4 ohm, anayi ndi 2 ohm, ndipo maampu ambiri pa 2 ohm, padzuwa la kuno, amazima okha.

Pabwalo ndiwaike bwanji?

Mabokosi a bezi akhale pansi, pamodzi, ogundana. Mukawagawa kumanja ndi kumanzere, pakati pamagunda koma m'mbali mumakhala malo ena opanda bezi. Mahoni akwere kupitirira mitu ya anthu, mamita awiri kapena kuposa, ataweramira pang'ono kwa a kumbuyo. Panja mawu amatsika 6 dB mtunda ukawirikiza kawiri: 125 dB pa mita imodzi imatsala 95 pa mamita 32. Nyengo ya mwera, ngati malo alola, mphepo ichokere kumbuyo kwa masipika, chifukwa mawu olimbana ndi mphepo amakhotera kumwamba.

Kukweza mahoni kumatetezanso ana, amene amakonda kuunjikana kutsogolo kwenikweni. Pa 85 dB khutu limapirira maola 8, pa 100 dB mphindi 15 zokha, ndipo pakamwa pa honi pamaposa pamenepo kutali. Mangani mahoniwo ndi malamba, chifukwa bokosi la bezi limayenda lokha likamagunda, makamaka pamchenga.

Ndisunga bwanji kuti akhalitse?

Akhale pa thandala, osati pa simenti kapena pa dothi, chifukwa cha chinyezi ndi chiswe. Kuseri kwa poti ikani waya wa mabowo akuluakulu woletsa makoswe. Neti ya udzudzu ayi, imatsamwitsa mpweya. Pakhosi pa honi mavu amakonda kumangapo nyumba zawo zadothi, choncho muzitsekapo ndi nsalu mukamasunga. Ponyamula pa msewu wa mabampu, wufa isayang'ane kumwamba, ndipo lona asaiwalike. Mukabwera kunyanja, pukutani mchenga musanaimike bokosi, mumangenso mabauti a wufa pakapita miyezi ingapo, chifukwa plywood imafinyika ndipo pansi pa chitsulo pamayamba kudontha mpweya.